Gasi wa pachitsime choyesera mafuta: kodi n'kofunika kumuwotcha yense?

Mlonda wa Nyanja, Senga Bay:
Akuluakulu, kuyambira 2011 pamene boma linapereka ziphaso zofufuzira mafuta m'nyanja ya Malawi, nkhani imathera pa kukumba. Ine nkhawa yanga ili pa masiku oyesa chitsime. Gasi akatuluka amamuwotcha pa flare, paipi yomwe kumapeto kwake kumayaka moto. Kodi pali njira zochepetsera motowu, makamaka kuno komwe usipa timaupha ndi nyali usiku?

Injiniya wa ku Chipoka:
Achimwene, gasi wambiri amapsa nthawi yomwe chitsime chatsegulidwa kuti chiyende. Chitsime chotulutsa ma cubic feet 10 miliyoni patsiku chimawotcha ma cubic metre pafupifupi 283,000 tsiku lililonse. Mukachiyendetsa maola 24 m'malo mwa 72, mwapulumutsa magawo awiri mwa atatu. Zimene akatswiri amafuna kwambiri, monga kulowa kwa mafuta m'miyala, zimaoneka chitsime chikatsekedwa, pamene pressure ikukweranso. Choncho vavu yotsekera iikidwe pansi pa chitsime limodzi ndi ma gauge, chifukwa mukatsekera pamwamba, gasi wodzadza m'paipi amasokoneza manambala a maola oyamba ndipo mumakakamizika kubwereza.

Okumba asanafike pa DST yonse, komwe ndi kuyesa chitsime pochitsegula kuti chiyende kudzera m'paipi yokumbira, atsitse kaye chida cha pa waya chotenga madzi ndi gasi m'mabotolo pansi pomwepo. Pamenepo palibe chopsa.

Mayi a ku Chia, Nkhotakota:
Bambo Injiniya anena zoona, koma choopsa kwa nsomba chimabwera maola oyamba, potsuka chitsime. Zimatuluka ndi matope okumbira, madzi amchere ndi mafuta zitasakanikirana. Zikapita pa burner madzi ali ochuluka, moto umafooka, umachita mwaye, ndipo madontho a mafuta osapsa amagwera pamadzi ngati kachikopa konyezimira. Zonsezi zidutse pa choke, vavu yochepetsa kuthamanga kwake, kenako mu separator yolekanitsa gasi, mafuta ndi madzi. Mafuta asungidwe m'matanki n'kutengedwa pa thanka, asawotchedwe. Gasi asanafike pa flare adutse mu knockout drum, thanki yolekanitsa madontho ndi gasi, kuti madontho atsale mmenemo. Drum ikadzaza osaikhuthula, flare imalavula mafuta oyaka.

Nthawi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, musayese. Mphepo yamphamvu imapinda lawi, gasi wina n'kuthawa osapsa, ndipo methane yemwe ali mu gasiyo pa zaka 20 amatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi ka 80 kuposa carbon dioxide. Kamoto ka pilot, komwe kamayatsa gasi pa flare, kakazima osadziwika, ndiye mukutaya gasi yense mumlengalenga. Pakhale chida chozindikira lawi ndi choyatsiranso chokha.

Mlonda wa Nyanja:
Nanga gasiyo sangayendetse jenereta?

Injiniya wa ku Chipoka:
Angathe, koma pang'ono chabe. Poyesa, gasi amatuluka mosinthasintha, ndipo masiku ochepawo sangabweze ndalama zogulira makompresa. Ayambe wamuyeza ngati ali ndi H2S (hydrogen sulphide), mpweya wapoizoni. Mpweya umenewu umanunkha ngati dzira lovunda, koma ukafika 100 ppm (magawo 100 pa miliyoni iliyonse ya mpweya) mphuno zimaleka kuumva. Gasi wotere kumuwotcha kulibwino kusiyana ndi kumutulutsa wosapsa.

Pomenyera nkhondo ndi pa lipoti la ESIA, lounika momwe ntchitoyi ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, lomwe MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, imavomereza pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2017. Mmenemo mulembedwe maola oyendetsa chitsime, kuchuluka kwa gasi wololedwa kupsa, ndi kuti pa paipi ya flare pakhale mita. Makomiti a m'madoko apemphenso kuti chitsime chizitsegulidwa koyamba masana, asodzi a chilimira atauzidwa tsiku lake.