Communication Skills ikundivuta, ndiyambire pati?

Namwali wa ku Mtendere

Moni nonse abale. Ndili chaka choyamba pa koleji ina kuno ku Lusaka, ndipo tonse timatenga Communication Skills. Pa Giredi 12 Chizungu ndinapeza 5, koma ntchito iliyonse imene ndikupereka ikubwera yofiira ndi inki. M'mphepete mumangolembedwa kuti tense, article, agreement, kwina register, ndipo m'kalasi tilimo ambiri moti mpata wofunsa susapezeka. Mwezi wamawa tikufunika kulemba kalata yofunsira ntchito, lipoti lalifupi, komanso kuyankhula pamaso pa kalasi kwa mphindi 5. Odziwa ndithandizeni, zoyambira zenizeni ndi ziti, ndipo munthu amazikonza bwanji?

Aphunzitsi a ku Chilenje

Mwanawanga, 5 ya ECZ, bungwe la mayeso lija, ndi credit yabwinobwino, usadzione ngati wolephera. Zolakwa za ana athu m'Chizungu si zachisawawa ayi. Zambiri zimabadwira pamalo pamene Chichewa ndi Chizungu zimasiyana kapangidwe kake. Ukadziwa malowo, udziwa poyang'ana usanapereke ntchito.

Ndiyambe ndi agreement. Ife mgwirizano tili nawo wochuluka kuposa Azungu: mwana wagwa, ana agwa, chingwe chaduka, zingwe zaduka. Koma timauika kutsogolo kwa mneni. Chizungu chimauika kumapeto, ndipo m'nthawi ya tsopano ndi kachilembo kamodzi kokha, -s, kamene kamatsata he, she ndi it. The student writes, the students write. Chosokoneza n'chakuti -s pa dzina akusonyeza zambiri, pamene pa mneni akusonyeza chimodzi. Vuto limakula mwininkhani akatalika. Mwana amalemba kuti The list of names are on the table chifukwa khutu lake lamva names pomaliza. Koma chimene chili patebulo ndi list, choncho mneni ndi is. Phimba ndi chala mawu onse apakati, kuyambira pa of, uwerenge dzina loyamba ndi mneni zokha. Cholakwacho chimaonekera pomwepo.

Pa tense pali misampha itatu imene imagwira pafupifupi aliyense. Woyamba ndi uwu: kwathu timanena kuti ndabwera dzulo popanda wodabwa, ndiye mwana amalemba I have come yesterday. Chizungu sichilola zimenezo. Ukangotchula nthawi yomwe inatha kale, monga yesterday, last week kapena in 2023, mneni akhale wa past simple: I came yesterday. Have ndi has zisungire pamene sukutchula nthawi, kapena pamene ukugwiritsa since ndi for pa chinthu chimene chikupitirirabe. Wachiwiri ndi did. Did wanyamula kale nthawi yakale, ndiye mneni wotsatira amabwerera mwakale: Did you go, osati Did you went. Wachitatu ndi wa -ku- wathu. Timati ndikudziwa, ndikumva, ndikufuna, ndipo mutu umathamangira ku -ing. Koma aneni a m'maganizo ndi a umwini monga know, understand, want, believe, own kawirikawiri salandira -ing. I know, I understand. I am having a laptop ndi cholakwa chimene ndimachiona kwambiri ngakhale kwa akuluakulu ovala mataye.

Ma article, omwe ndi a, an ndi the, ndiwo ovuta koposa chifukwa m'Chichewa mulibiretu. Lamulo loti uligwire ndi manja awiri ndi ili: dzina la chinthu chimodzi chowerengeka siliima lokha. Liyenera kukhala ndi a, an, the, kapena mawu onga my ndi this patsogolo. I am student n'cholakwa. Chinthu ukachitchula koyamba ika a kapena an, ukachitchulanso, poti wowerenga wachidziwa, ika the. Kusankha a kapena an kumatsata liwu, osati chilembo: an hour, an MP, koma a university. Kenako pali maina osawerengeka amene salandira -s ngakhale zinthuzo zitadzaza lole: information, advice, equipment, furniture, luggage. Awa aloweze pamtima basi.

Kena kakang'ono koma kochititsa manyazi: iye wathu sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndiye m'ndime imodzi munthu amayamba ali she n'kumaliza ali he.

Kakonzedwe kake nkotere. Ukamaliza kulemba, werenga katatu, ndipo ulendo uliwonse uzifuna chinthu chimodzi chokha. Koyamba dula mzere kunsi kwa mneni aliyense, uone nthawi yake ndi mwininkhani wake. Kachiwiri yang'ana maina okha, uone ngati ali ndi article. Kachitatu ma he, she ndi they. Ukafuna zonse nthawi imodzi, diso limangotsetsereka. Gula kakope kakang'ono, tsamba lililonse uligawe pawiri, kumanzere ulembe chiganizo chimene chadulidwa ndi inki yofiira, kumanja chokonza. Pakatha masabata angapo uona kuti zolakwa zako ndi zomwezomwezo, mwina zinayi kapena zisanu, zikungosintha malaya. Ndipo tsiku lililonse tenga ndime imodzi ya Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail, uiwerenge mokweza, kenako uitseke n'kuilemba m'mawu ako. Mphindi 20 zakwana.

Mnyamata wa ku Matero

Aphunzitsi afotokoza bwino. Ine ndionjezere ziwiri. Funso lokana limatipusitsa. Wina akati simunadye, ife timati inde, kutanthauza kuti sitinadye. M'Chizungu Haven't you eaten yankho lake ndi No, I haven't. Ukati yes akumva kuti wadya. China ndi borrow ndi lend. Wotenga ndiye amachita borrow, wopereka amachita lend, choncho borrow me your pen ayi, koma lend me your pen.

Koma kunena zoona mlongo wanga, mankhwala ake ndi kusiya Chinyanja kaye. Kunyumba, m'basi, pa WhatsApp, Chizungu chokhachokha mpaka chikhazikike.

Aphunzitsi a ku Chilenje

Ziwiri zoyambazo n'zoona achimwene, koma chomalizacho sindikugwirizana nacho. Chizungu cha m'basi ndi cha pa WhatsApp ndi chimene chimakhazikitsa borrow me yemweyo, chifukwa palibe amene amakukonza. Kuyankhula kwambiri kumamasula lilime, inde, koma galamala imakonzedwa ndi kuwerenga zolembedwa bwino ndi kulemba zimene wina akuziona. Ndipo amene amadziwa bwino mmene chiganizo cha Chichewa chimamangidwira ndi amene amaona msanga pamene Chizungu chapatukira. Azikayankhula ndi agogo ake Chichewa mopanda mantha.

Amayi a mu ofesi, Kabwata

Mng'ono wanga, ine ndigwire za register, kalata ndi lipoti, chifukwa mamakisi ambiri a phunziroli ali pamenepo.

Register ndi kusankha mawu molingana ndi amene ukumulembera. Zimenezi umazidziwa kale, suyankhula ndi apongozi mmene umayankhulira ndi mnzako wa pa hostel. Chovuta n'chakuti ulemu wathu ndi wa Chizungu cha muofesi umaonekera mosiyana. Kwathu munthu amayamba wapereka moni, wafunsa za kunyumba, kenako nkhani. M'kalata ya ntchito, ulemu ndi kusatayitsa nthawi wowerenga. Chiganizo choyamba chinene chimene ukufuna ndi kumene unaona ntchitoyo. How are you, I hope you are fine, ndi I am humbly begging zonsezo zichotse. Usadule mawu, lemba I am ndi do not mwathunthu, ndipo zilembo za pa foni monga u ndi pls zisayandikire n'komwe.

Kalata imayenda motere. Pamwamba keyala yako, dzina lako osaliikapo. Kunsi kwake deti, tsiku patsogolo, mwezi m'mawu, kenako chaka. Ndiye udindo ndi keyala ya wolandira, monga The Human Resource Manager. Moni. Mutu wa kalata, woyamba ndi RE kapena wongodulidwa mzere kunsi, mzere umodzi wokha. Thunthu likhale ndime zitatu kapena zinayi: ntchito imene ukufuna, maphunziro ako, zimene ungathe kuchita zogwirizana ndi ntchitoyo, ndi pomaliza zimene waphatikiza ndi mmene angakupezere. Potseka ndi pamene ambiri amagwa. Ukayamba ndi Dear Sir kapena Dear Madam, tseka ndi Yours faithfully. Ukatchula dzina la munthuyo pa moni, tseka ndi Yours sincerely. Y wamkulu, f kapena s wamng'ono, ndipo Yours alibe apostrophe. Saina kaye, dzina lonse pansi pake. Zonse zikwane tsamba limodzi.

Memo akakufunsani, ndi ya m'kati mwa bungwe: To, From, Date, Subject, ndipo ilibe Dear kapena Yours.

Lipoti lalifupi nthawi zambiri limakhala ndi terms of reference (zimene watumidwa kufufuza), procedure (mmene unafufuzira), findings, conclusions ndi recommendations. Chimene chimaononga malipoti ambiri ndi kusakaniza zitatu zomalizazi. Tiyerekeze kuti wauzidwa kufufuza chifukwa chake ophunzira amachedwa kalasi ya 8 koloko. Mu findings ulemba zimene wapeza zokha, mwachitsanzo kuti amene unawafunsa anatchula mzere wa magalimoto pa Great East Road m'mawa ndi kudikira minibasi kuti idzaze pa siteshoni. Maganizo ako asalowemo. Mu conclusions unena tanthauzo lake, kuti vuto lalikulu ndi mayendedwe, osati ulesi. Mu recommendations unena zoti zichitike, ndi ndani woti achite, pogwiritsa should. Recommendation iliyonse ikhale ndi finding imene yaibereka. Ukapempha kuti amange laibulale yatsopano pamene m'findings simunatchulidwe za laibulale, wochonga adula pomwepo, ndipo akhala akulondola.

Za chiphunzitso chake musaiwale, chifukwa pa mayeso chimabwera: sender, message, channel, receiver, feedback ndi noise. Noise si phokoso la m'makutu lokha. Netiweki yoduka, mawu ovuta amene womvera sawadziwa, njala, mkwiyo, zonsezo zimatchinga uthenga. Akakufunsa barriers, pereka chitsanzo chooneka pa chilichonse, osangondandalika maina.

Malume a ku Kalingalinga

Za kuyankhula kwa mphindi 5 palibe wakhudzapo. Munthu woyankhula modekha amatulutsa mawu a Chizungu pafupifupi 120 mpaka 150 pa mphindi, ndiye konza mawu apakati pa 600 ndi 700, osapitirira. Mfundo zikhale zitatu. Theka la mphindi kunena mutu ndi kumene ukupita, mphindi zinayi mfundo zako, yotsalayo kumanga mkota ndi kuitana mafunso.

Usaloweze mawu onse. Woloweza akaiwala liwu limodzi, zonse zimagwa. Loweza chiganizo choyamba ndi chomaliza, zina ulembe mitu yokha pa timakadi. Timakadito tidzakupulumutsanso magetsi akathima projekita ili pakati pa ntchito, zimene kuno si zachilendo. Ngati pali ma slide, asanu akwana, ndipo usawawerenge utafulatira anthu.

Maso ndi nkhani ina. Tinaleredwa kuti kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano, koma wochonga ali ndi mamakisi a eye contact papepala lake. Gawa chipinda patatu, kumanzere, pakati, kumanja, ndipo mbali iliyonse uipatse chiganizo chimodzi kapena ziwiri usanasunthe.

Pa katchulidwe, l ndi r kwa ife ndi liwu limodzi, koma m'Chizungu zimasintha tanthauzo: play ndi pray, collect ndi correct. Ndiponso tili ndi malembo a liwu asanu okha, ndiye live ndi leave, ship ndi sheep zimatuluka mofanana. Sakasaka mawu otere m'nkhani yako, uwadule mzere, uwayeserere paokha. Dzijambule pa foni kawiri kapena katatu uli chiimire, wotchi ikuyenda. Pomvetsera uzimva wekha pamene ukuthamanga ndi pamene ukumeza mapeto a mawu, makamaka -ed ndi -s imene aphunzitsi anena pamwambapa.

Namwali wa ku Mtendere

Zikomo kwambiri nonse, kakope ndagula kale. Funso limodzi aphunzitsi. Mu lipoti, zimene anthu anandiuza ndizilembe momwe ananenera, kapena ndisinthe? Ndipo kodi I amaloledwa?

Aphunzitsi a ku Chilenje

Sintha, mwanawanga, gwiritsa reported speech. Mneni woyambitsa akakhala wakale, monga said kapena stated, mneni wa m'kati amabwerera m'mbuyo sitepe imodzi: is akhala was, will akhala would, have akhala had, came akhala had come. Alowam'malo ndi mawu a nthawi nawonso amasuntha, I akhala he kapena she, today akhala that day, tomorrow akhala the following day. Wina akati I will come tomorrow, iwe ulemba She said that she would come the following day. Pa mafunso samala kwambiri, dongosolo la mawu limabwerera ngati la chiganizo wamba ndipo chizindikiro cha funso chimachoka: He asked where the office was, osati where was the office.

Za I, m'malipoti ambiri a pa koleji amafuna kuti asaoneke, ndiye mu procedure gwiritsa passive: Twenty students were interviewed. Onetsetsa kuti was kapena were alipo ndipo mneni ali mu past participle, monga interviewed, chifukwa were interview ndi cholakwa chimene chimabwera kawirikawiri pamenepo. Komabe makoleji amasiyana kakonzedwe, ndiye yang'ana pepala la malangizo limene munapatsidwa, ndipo ngati silikunena, funsa aphunzitsi ako kalasi ikangotha usanayambe kulemba.