Mpeni wanga wathyokera m'chigwiriro, kodi vuto ndi mchira wowonda?

Chiwazankhuni: Abale, ndithandizeni nzeru. Loweruka ndimawaza chipika ndi mpeni wanga waukulu, wa masentimita 25 osawerengera chigwiriro. Ndinauimika pa chipikacho n'kumaumenya kumsana ndi chibonga. Kachinayi ndinangomva kuti thyo! Chigwiriro chatsala m'manja, mpeni wakanirira m'chipika. Nditaswa chigwirirocho ndinapeza kuti mchira wake, chitsulo cholowa m'kati chija, ndi wowonda ngati pensulo. Ndiye kuti mipeni yonse ya mchira wobisika ndi yachabechabe? Ndingogula wa full tang, wa mchira waukulu ngati chigwiriro chonse, basi?

Wosula_wakale: Achimwene, musanaweruze yang'anani pothyokapo. Mipeni yotere siithyoka pakati pa mchira ayi, imathyokera paphewa, pomwe chitsulo chachikulu chimatha n'kuyamba mchira. Ngati wopanga anadula pamenepo ngati ngodya ya bokosi, mphamvu yonse ya chibonga imasonkhana pangodyapo, kamng'alu kamayamba, tsiku lina n'kumaliza. Ine ndikamasula ndimakhotetsa phewalo bwinobwino ndi fayilo yozungulira, ndipo mchira ndimausiya wofewerapo kuposa kokuthwa. Chitsulo chofewa chimapindika, cholimbitsitsa chimangosweka ngati botolo.

Komanso mchira wobisika si wa lero. Kukri, mpeni waukulu wa ku Nepal, yomwe amaisula ndi masipuling'i a galimoto, nthawi zambiri imakhala ndi mchira wolowa m'chigwiriro womata ndi utomoni, koma imagwetsa mitengo. KA-BAR, yomwe asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1942, nayo ndi ya mchira wowonda wodutsa m'timagawo ta chikopa. Ngakhale lupanga la ku Japan, chimene chimagwira mchira wake ndi kachikhomo ka nsungwi chabe.

Mlenje77: Madala mwanena zoona, koma KA-BAR yomweyo anthu amaipinda paphewa akamaimenya ndi chibonga. Sanaipangire ntchito imeneyo. Ngati mwatsimikiza kumawaza nkhuni ndi mpeni, gulani wa full tang, woti chitsulo chizioneka kuzungulira chigwiriro chonse, matabwa awiri atangokhomedwa mbali ndi mbali. Matabwawo akasweka mumakulunga chingwe n'kupitiriza ntchito. Ngakhale a kampani yopanga mipeni ya Morakniv, odziwika ndi mchira wobisika, anatulutsa mpeni wa full tang wotchedwa Garberg mu 2016.

Zovuta za mpeni wa full tang zilipo ndithu. Umalemera kumbuyo, ndipo ukadula mtengo wouma kunjenjemera konse kumafika m'dzanja. Wanga nditachotsa matabwa patatha zaka ziwiri ndinapeza dzimbiri lili psuu pansi pake, madzi amalowera m'mbali. Paja ena amaboola mchirawo mabowo akuluakulu kuti upepuke, ndiye mawu oti full tang papaketi asakunamizeni.

Chiwazankhuni: Zikomo akuluakulu. Ndakautenga m'chipika muja, ndauyang'ana ndi tochi. Manyazi bwanji! Mchira weniweni ndi wa masentimita awiri okha, kwinako ndi bawuti yomwe anangowotcherera, ndipo wathyoka powotchererapo. Theka la pothyokapo ndi lakuda, kusonyeza kuti mng'aluwo ndi wakale. A Wosula, ndingathe kuwotchereranso?

Wosula_wakale: Kuwotcherera pafupi ndi phewa chonchi kumafooketsa chitsulo, ndipo padzathyokanso pomwepo. Dulani mchira watsopano kuchokera ku mpeni womwewo, utsale wa masentimita 15. Nkhuni muziwaza ndi nkhwangwa.