Malo a m'mbali mwa madzi ngati Waterfront ndi a anthu onsedi?

Nachisale_CPT:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndimagwira ntchito mu lesitilanti ina ku V&A Waterfront kuno ku Cape Town, malowa ndimawakonda zedi, palibe cholipira polowa, umangoyenda m'mbali mwa madzi ana akusewera uku oimba akuimba uku boti la ku Robben Island likunyamuka. Koma tikaweruka usiku tonse ogwira ntchito timathamangira ma taxi, wina wa ku Philippi wina wa ku Dunoon, palibe ndi mmodzi yemwe amene amagona pompo. Nde akamati anawamanga poganizira anthu wamba, anthu ake ndi ati?

Malume_Bellville:
Achemwali funso lanu ndi lenileni. Paja malowa anali doko lakale, ntchito yowasintha inayamba mu 1988 ndipo chanzeru chomwe anachita nchoti sanathamangitse doko, mpaka lero zombo zimakonzedwa pomwepo ndiponso maboti a asodzi amakocheza pomwepo, nchifukwa chake sipamaoneka ngati mall wamba. Ngakhale nkhokwe yakale ya chimanga ija sanaigumule, anaisandutsa Zeitz MOCAA, nyumba yoonetsera zaluso zamakono za ku Africa, mu 2017. Koma musaiwale eni ake, kuyambira 2011 ndi kampani ya Growthpoint pamodzi ndi thumba la penshoni la ogwira ntchito m'boma. Ndi bizinesi imeneyo. Amafuna anthu ochuluka ayendepo inde, koma ma flat amamangira amene angalipire.

Nabanda_Hamburg:
Ine ndimakhala ku Hamburg, kuno kuli HafenCity, nakonso kunali doko pa mtsinje wa Elbe, mahekitala 157, pulani yake anaivomereza mu 2000. Kusiyana kwake nkwakuti malo ambiri anali a mzinda, nde kampani ya mzinda womwewo ndiyo imagulitsa mapuloti ndipo imaika malamulo, sungangogula nkumanga zomwe wafuna ayi. M'misewu yambiri chipinda chapansi amachimanga chachitali, pafupifupi mamita 5, kuti mukhale shopu, malo omwera khofi kapena mkombaphala, ma ofesi ndi nyumba zogona zili pamwamba. Njira ya m'mphepete mwa madzi ndi ya aliyense, mwini nyumba sangaitchingire mpanda. Ichi ndicho chimandikhudza kwambiri ine, chifukwa mpanda umodzi wokha umadula njira yonse.

Za kusefukira kwa madzi nazo anaziganizira, paja mu 1962 madzi anapha anthu opitirira 300 mumzindawu. Khoma lotchinga madzi likanabisa mtsinje, nde anakweza nthaka ya nyumba ndi misewu mpaka inafika pafupifupi mamita 8 pamwamba pa mulingo wa nyanja, njira zoyendamo zija anazisiya pansi, madzi akakwera zimamira akaphwera anthu abwereranso. Sukulu ya pulayimale anaitsegula mu 2009, sitima ya pansi pa nthaka U4 inafika mu 2012.

Nachisale_CPT:
Zikomo anabanda, nanga renti? wotsuka mbale ngati ine angakhalemo?

Nabanda_Hamburg:
Apo nde pomwe anaphonya poyamba mchemwali wanga. Nyumba zoyambirira zinali zodula kwambiri ndipo anthu ankadandaula kuti ndi dera la olemera, madzulo kuli zii. Kenako mzinda unayamba kulamula kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nyumba zatsopano likhale la renti yothandizidwa ndi boma, mbali ya kum'mawa ngati ku Baakenhafen ndiko zimenezi zikuoneka bwino, kuli mabanja ndi ana ambiri pa bwalo. Sikuti kwatchipa ayi, koma anatha kukonza chifukwa malo anali akadali m'manja mwa mzinda.

Malume_Bellville:
Mwamva achemwali, kwathu kuno malo aja anagulitsidwa kale mu 2006. Komabe malo a boma oyandikira alipo, monga pa chipatala cha Somerset pafupi pomwepo, pomwe a gulu la Reclaim the City akhala akumenyera kuti pamangidwe nyumba zotchipa. Misonkhano ya khonsolo ikamaitanidwa za malo amenewo tizipitako, ine ndikamva tsiku ndilemba pano.