Thandizeni nzeru: zinyalala zatikulira pa holo yathu ku Luwinga

Moni nonse akuluakulu a pa gulu lino. Ndili mu komiti yoyang'anira kaholo ndi bwalo lake kuno ku Luwinga. Loweruka timabwereketsa malowa kwa a maukwati ndi zinkhoswe, Lamulungu masana kumakhala malipenga kapena makwaya. Mutu umatiwawa Lolemba m'mawa.

Sabata yatha kunali ukwati, ndiye usiku wake kunagwa mvula, mukuidziwa mvula ya kuno ku Mzuzu. Kutacha ndinapeza timbale ta takeaway titamira m'matope, mpunga uli m'majumbo, mabotolo apulasitiki atatseka ngalande mpaka madzi kulowera kwa aneba. Agogo ena okhala kuseri kwa mpanda anandigwira dzanja n'kukandionetsa khonde lawo litadzaza makoko a nzimbe ndi timapepala ta maswiti. Sananene zambiri, koma ine manyazi anandigwira.

Mabotolo agalasi sativuta, ogulitsa amawatolera okha poti amabwezedwa. Pulasitiki ndi amene watisowetsa mtendere. Alonda athu ankaunjika n'kuyatsa moto, koma utsi wake ndi wakuda, umakanda pakhosi, ndipo pafupi pali sukulu ya mkaka, choncho ndawaletsa. Kulipira galimoto yokataya ku Msilo sabata ndi sabata thumba lathu silingathe.

Inu amene mumayang'anira maholo ndi mabwalo amasewero, mumatani? Alipo amene amatenga mabotolo apulasitiki kuno?

Mayi a ku Chibavi: Achimwene, mabotolowo musataye. Ife ogulitsa thobwa ndi mafuta ophikira oyeza timawafuna, bola akhale ndi zitsekero zake. Kungoti asagonere m'matope, ndipo atsukidwe ndi sopo. Kolera wa 2022 uja tisamuiwale, anavuta kwambiri kuno ndi ku Nkhata Bay.

Bambo a ku Katoto: Vuto lanu ndi kusakaniza basi. Dulani madiramu atatu: lina la zakudya zotsala, lina la mabotolo, lina la zina zonse. Paliponse mumangirirepo chitsanzo, monga botolo lenileni pa diramu la mabotolo, chifukwa munthu amene wavina perekaniperekani sawerenga zolembedwa. Zakudya zotsala oweta nkhumba amadzatenga madzulo omwewo. Makoko a nthochi ndi zitsononkho kumbirani dzenje, pakatha miyezi ingapo muli ndi manyowa a maluwa a pabwalopo.

Wina wa ku Zolozolo: Majumbo opyapyala aja boma linaletsa mu 2015, onse osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki), ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo mu 2019. Lembani m'mgwirizano wanu kuti ophika asabwere nawo. Obwereka malo azisiya ndalama yachikole, mudzawabwezere akasiya posesa.

Mwini funso: Zikomo nonse. Za chikolezo ndikuopa pang'ono, anthu amadandaula kale mtengo wa holo, koma ndikazitula ku komiti Lachinayi. Madiramu awiri tili nawo kale, osungiramo madzi koma anabooka. Ndipemphanso a MC kuti azikumbutsa anthu chakudya chisanagawidwe. Amayi a ku Chibavi, Loweruka likudzali kuli chinkhoswe, mungatume mwana ndi thumba cha m'ma 5 koloko madzulo?