Foni yanga yaimba 112 yokha ili m'kachikwama, kodi amva zonse zimene tinali kukamba?

Mai wa salaula, Kapata

Muli bwanji nonse. Amene mudziwa za mafoni ndithandizeni chonde chifukwa kuyambira Lachiwiri mtima wanga suli m'malo. Nditaweruka pa msika ndinakwera honda kupita ku Mchini kwa amulamu anga, foni ili m'kachikwama ka m'chiuno kamene ndisungiramo chenji ndi makiyi, chitenge pamwamba. Tinakhala pakhonde tikuswa nshawa, ine pa kampando kafupi, ndiye tinayamba kukamba nkhani za pabanja, za munda wa malemu atate ku Chadiza umene abale akulimbirana komanso za matenda a mng'ono wanga amene sanauzeko munthu aliyense kupatula ife awiri. Tili mkati mokamba ndinangomva kamawu kakang'ono kakuti halo, halo, ndinayang'ana kumsewu kulibe munthu, amulamu ndiwo anati ndi m'chiuno mwanu umo. Kutulutsa foni ndinapeza yalemba 112 ndipo yatha mphindi 1 ndi masekondi 52. Manja anayamba kunjenjemera, ndinadula osayankha kanthu n'kuizimiratu mpaka usiku.

Nditaiyatsa ndinaona kuti si koyamba, sabata yatha inaimbanso pa nambala yomweyo masekondi 4 chabe, ndipo nthawi yake ndi ija ndimakhala pa honda. Foni inali yokhoma, ili ndi patani, tokotaimu munalibe olo ngwee imodzi. Manje zitheka bwanji? Kodi ndapalamula mlandu? Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi mng'ono wanga, ndinam'tchula dzina lake lonse ndi kumene amatenga mankhwala. Kodi amene anayankha aja anamva, nanga adziwa kuti ndine ndani ndipo ndikhala kuti? Ndifuna kuchichotseratu chinthu chimenechi mu foni.

Wokonza mafoni, pafupi ndi Saturday Market

Amai pepani ndi mantha amenewo, koma foni yanu siinawonongeke ndipo palibe amene waihaka. Nkhani iyi imabwera pa tebulo langa kawirikawiri. Kuyambira pa Android 12 imene inatuluka mu 2021 anaikamo chinthu chotchedwa Emergency SOS, mukadina batani la pawa kasanu motsatizana mwamsanga foni imawerenga masekondi 5 kenako imaimba yokha nambala ya ngozi, siifunsa patani, siifunsa tokotaimu chifukwa nambala zimenezi ndi zaulere. Anachita dala kuti munthu amene wagwidwa ndi akuba kapena wagwa athe kuitana thandizo osayang'ana pa sikirini. Manje inu mwakhala pa kampando kafupi, mukuwerama kutenga nshawa n'kuweramuka, kiyi ili pambali pa batani, kudina kasanu sikuchedwa. Pa honda ndiye mabampu amachita ntchito yomweyo. Enanso batani lawo linatha ndiye podzutsa foni amadinadina kambirimbiri, amadabwa ikulira ngati alamu.

Si kuno kokha. Mu June 2023 akuluakulu a polisi ku UK anadandaula poyera kuti mafoni opanda mawu opita ku 999 achuluka chifukwa cha batani lomweli, mpaka Google, eni ake a Android, inanena kuti makampani opanga mafoni akonza ndi apudeti. Ndipo musaganize kuti tumafoni ta mabatani ndi tabwinoko, olo mukhome kiipadi, pa mafoni ambiri 112 imadutsabe. Mukaona foni yalemba Emergency calls only ndiye kuti netiweki yanu yasowa koma ikuona tawa ya kampani ina.

Za kumva, sindikunamizani, foni ikalumikiza maikolofoni imakhala yotsegula ngati mmene imakhalira mukaimbira munthu wina aliyense. Koma yanu inali m'kachikwama pamodzi ndi makoini, pansi pa chitenge, inu mukugwedezeka. Yesani nokha lero, imbirani mwana wanu apite kuseri kwa nyumba, foni muibwezere m'kachikwama momwemo, mukhale pa kampando mukambe ndi mawu amene munali kukambira tsiku lija, akabwera akuuzeni chimene wamva. Mutadula zinathera pomwepo, sangapitirize kumvetsera, sangaone zithunzi kapena WhatsApp yanu chifukwa choti munaimba 112. Chimene chimaoneka ndi nambala yanu, ndipo netiweki imadziwa tawa imene munali pafupi nayo, tawa imodzi imagwira makomboni ambiri siiloza khomo la munthu. Android ili ndi njira ina yotumizira malo enieni pa foni ya ngozi koma imagwira m'maiko okhawo amene anaikhazikitsa ku maofesi awo olandira mafoni.

Pitani ku Settings, Safety & emergency, Emergency SOS. Mafoni amasiyana pang'ono mayina koma mukalemba SOS pa kasechi ka pamwamba ituluka. Yatsani alamu ya powerenga masekondi kuti izilira isanaimbe. Muzimenso double tap to wake ndi lift to wake, muyatse Accidental touch protection kapena Pocket mode. Kava yolimba imene mabatani ake ndi olowa mkati imathandizanso, ndipo makiyi akhale thumba lawolawo.

Wa honda, siteji ya ku Magazine

Amai ine ndikupemphani chinthu chimodzi chabe, konzani monga akuuzirani akuluwa koma musachichotse. Chaka chatha nthawi ya mvula ndinali kubwera kuchoka ku Katete usiku pa Great East, ndinapeza mnzathu wagwera mu dreni honda ili pamwamba pa mwendo wake, magazi ali chuchuchu. Foni yanga inali itazima, malaiti kunalibe tsiku lonse. Yake inali m'jekete, galasi losweka, ndipo iye sanali kukamba bwino kuti andiuze patani. Ndinadina batani lija kasanu ndi chala chamatope ikaimba. Pansi pa Emergency panalinso nambala ya akazi ake imene anaikapo kale, ndinawaimbira osatsegula foni, iwo ndiwo anabwera ndi kanta ya achimwene awo tinam'nyamula kupita naye kuchipatala. Lero akuyenda, amatsimphina pang'ono koma ali pa siteji.

Mwa ife amene timakhala pa msewu tsiku lonse ambiri sadziwa olo nambala zake. Apolisi ndi 991, ambulansi 992, ozimitsa moto 993. Ya ana ndi 116, ya nkhanza za m'banja 933. Zilembeni penapake.

Ndiponso kudula ndi kuzima foni kuja ndiko sikunali bwino, sindikukudzudzulani chifukwa mantha ndi mantha. Ganizirani munthu uja kumbali inayo, wamva mawu a azimai patali, kenako phee, akayesa kubweza foni yazimwa. Iye adziwa bwanji ngati ndi thumba kapena ndi mai amene am'tseka pakamwa? Ikadzachitikanso ingoyankhani kuti pepani bwana yadinika yokha, kuno kuli bwino. Masekondi 10 nkhani yatha, laini yatseguka kwa wina amene nyumba yake ikupsa.

Mai wa salaula, Kapata

Zikomo nonse awiri. Zoona za munthu wa mbali inayo sindinaziganizeko, ndinangoganiza za ine. Ndapita ku Settings ndapeza Emergency SOS ndi yoyatsa, alamu ndiyo inali yozima, mwina mwana wanga anaizima chifukwa ndiye amakonda kugwiragwira foni. Koma funso la dzina simunandiyankhe, simu iyi ndinalembetsa ndi reji yanga.

Aphunzitsi a ku Lundazi

Amai pa dzina ndiyankheko ine. Inde simu iliyonse m'Zambia, kaya Airtel, MTN kapena Zamtel, imalembetsedwa ndi NRC, reji ija, chifukwa ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, ndiyo inalamula tero, ndiye kampani ya netiweki ikudziwa kuti nambala yanu ndi ya ndani. Koma zimenezo sizitanthauza kuti aliyense amene mwamuimbira akuona reji yanu ndi adiresi. Tili ndi lamulo la Data Protection Act la 2021 limene limati amene wasunga mbiri ya munthu aigwiritse ntchito pa chifukwa chimene anaitengera, asamangoigawa, ndipo za umoyo wa munthu lamuloli limaziika m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera. Pa mlandu, kulakwitsa ndi kuchita dala ndi zosiyana. Amene angalowe m'mavuto ndi aja amaimba dala kunamiza kuti kwinakwake kwabuka moto, kapena ana amene timawapatsa foni n'kumaseweretsa 991.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa kuposa 112 ndi zimene timachita tokha masana dzuwa likuswa mtengo. Pa buthi ya mobile money munthu amatchula nambala yake mokweza pa mzere, ena agogo amapereka foni kwa mnyamata wa pa buthi n'kumuuzanso PIN kuti awadinire. Meseji ya ndalama ikalowa imaonekera pa sikirini foni ili yokhoma, balansi yonse poyera, ngakhale makodi aja a banki, ndiye mwaisiya pa chaji mu shopu ya munthu chifukwa kunyumba kulibe malaiti. Pitani ku Notifications musankhe kuti pa lock screen zisamaonetse zamkati. Aja otumiza mameseji akuti tumizani ndalama ija pa nambala iyi muwanene pa *707#. Ndipo amene mumagwiritsa simu yolembetsedwa ndi reji ya munthu wina, kapena munabwereketsa reji yanu kuti mnzanu agulire simu, kakonzeni, chilichonse chimene nambala imeneyo ichite chimabwera pa dzina la mwini reji.

Nasi wopuma, Kalongwezi

Mwanawe, ndawerenga zonse ndipo ndakumvetsa chifukwa chinsinsi cha matenda si chako, anakusungitsa. Ine ndaona pa ntchito yanga anthu akusiya kutenga mankhwala chifukwa chakuti wina pa komboni wadziwa, ndiye mantha ako si achabe.

Pamene uli ku Safety & emergency pomwepo yang'ana zinthu ziwiri zimene anzathuwa sanazikambe bwino. Choyamba ndi Medical information. Chilichonse chimene walemba pamenepo chimawerengeka foni ili yokhoma, anapangira ife a chipatala kuti munthu akabwera atakomoka tidziwe gulu la magazi ake kapena mankhwala amene thupi lake limakana. N'chabwino ndithu, koma amene watola foni yako mu basi ya ku Petauke amawerenganso chimodzimodzi. Ndinaonapo mtsikana analemba mankhwala ake onse pamenepo osadziwa kuti zili poyera. Gulu la magazi, zimene zimakuwenga, shuga kapena khunyu ngati ulinazo, nambala ya m'bale mmodzi, zimenezo zikwanira. Zina uganize kawiri.

China ndi emergency contacts. Mafoni ena, monga a Samsung, SOS ikadinika atha kutumiza meseji kwa anthu amene unawasankha, pamodzi ndi malo amene uli, zithunzi za kamera ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, ndi kamawu kojambulidwa masekondi ochepa ngati unaziyatsa. Ndiye ona kuti pa mndandanda pali ndani. Wa ku 112 sakudziwa mng'ono wako, dzina lake kwa iye ndi dzina chabe pakati pa mafoni ambirimbiri a tsiku limenelo. Koma ngati pa mndandanda pali m'bale wa mbali ija mukulimbana nayo munda, ameneyo ndiye angazindikire mawu ako.

Ine zinandichitikira osati ndi 112 ayi. Ndinali nditangomaliza kukamba ndi apongozi a mwana wanga, foni ndinaiponya m'thumba la yunifomu osakhoma, n'kuyamba kuuza mnzanga za mavuto a m'banja la anawo. Inabwereza yokha nambala yomaliza ija ndipo anamvetsera mphindi 6 zathunthu. Zinatenga ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti tiyambenso kupatsana moni. Kuchoka tsiku limenelo ndikamaliza kukamba ndimadina batani kamodzi, ndione sikirini yada, ndiye ndiike m'thumba, ndipo ikakhala nkhani ya matenda a munthu foni ndimaisiya m'chipinda china.

Mai wa salaula, Kapata

Amama zikomo kwambiri, mwandikhazika mtima pansi. Ndayang'ana pa emergency contacts palibe munthu aliyense ndiye palibe meseji inapita, ku sent kulibenso kanthu. Manje ndaikapo mwana wanga woyamba yekha. Pa Medical information ndalemba gulu la magazi chabe.

Ndayesanso zija anakamba a mafoni. Ndinagula tokotaimu ya K5, mwana anapita kuseri ndi foni ya atate ake, ine pa kampando kachikwama m'chiuno chitenge pamwamba, ndinatchula mayina atatu a anthu ongopeka ndi mawu anga a masiku onse. Atabwera anati amamva makoini ndi nsalu kukhwekhwereza, mawu anga amamveka ngati munthu ali m'madzi, pa mayina atatu anagwirapo limodzi ndipo analiphonya pang'ono. SOS ndaisiya yoyatsa pamodzi ndi alamu yake, makiyi ndawamangirira pa nsonga ya chitenge. Mng'ono wanga ndimuuza Sabata tikachoka ku tchalitchi kuti amve kwa ine zimene zinachitika.