Ndithandizeni nzeru: kuphunzitsa ana zachilengedwe panja pa kalasi

Aphunzitsi anzanga ndi makolo nonse, ndikupempha nzeru zanu.

Ndimaphunzitsa ana a zaka 9 mpaka 11, ndipo ndikufuna kuti phunziro la zachilengedwe lizichitikira panja. Za kukokoloka kwa nthaka amaloweza bwino pa bolodi, koma mtima wanga ukufuna athire okha madzi pamalo awiri otsetsereka, pena pa udzu, pena poyera, aone pomwe madzi akutsika atatenga dothi. Ndaganizanso zomanga kathumba ka pulasitiki panthambi ya masamba dzuwa likuswa mtengo, kuti aone timadontho ta madzi totuluka m'masambamo. Tikhozanso kukwirira masamba ndi pulasitiki, n'kudzafukula patapita miyezi kuti aone chomwe chawola.

Koma anawa ndi ambiri, ine ndili ndekha. Mumawagawa bwanji m'magulu kuti ena asamangothamangitsa agulugufe anzawo akugwira ntchito? Nanga za njuchi ndi njoka mumawachenjeza motani osawachititsa mantha? Ndilinso ndi mwana wovutika kuyenda, ndipo sindikufuna kuti atsale m'kalasi.

Chondisowetsa mtendere kwambiri ndi makolo ena amene amati panja n'kosewera, mayeso salembera pansi pa mtengo. Ine ndimawamvetsa. Inu amene munayesapo, mumawaonetsa chiyani kuti akhulupirire kuti mwana waphunziradi? Kodi kabuku kolembamo ndi kujambulamo zomwe waona kamakwana?

Ndikufuna tiyambe lisanafike Tsiku la Zachilengedwe Padziko Lonse, pa 5 June. Chonde ndiuzeni zomwe zinakuyenderani bwino.