Kodi "mapanga awiri avumbwitsa" akutanthauza chiyani kwenikweni?

Wa_Nthunzi:

Akuluakulu, ndithandizeni. Pali mawu amene ndauzidwa dzulo, mpaka pano akungondizungulira m'mutu.

Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikuumba mitu iwiri ya sitima za malasha mu Blender, pulogalamu youmbira zinthu pa kompyuta, kuti ndizidzayendetsa mu Open Rails, gemu yoyendetsa sitima. Woyamba ndi Mallard, ija ya ku England imene inathamanga mamailosi 126 pa ola pa 3 July 1938. Wachiwiri ndi Garratt ya mtundu wa GMAM, ya ku South Africa. Lero ndimakhala pa Mallard, ndikatopa ndi mphuno yake yopindika ija ndimathawira ku Garratt, Garratt ikandivuta ndimabwerera. Palibe umene watha.

Dzulo ndinakweza Garratt pa njanji koyamba. Zamanyazi. Mawilo onse anatuluka kunja kwa njanji, akuyenda pamiyala, chifukwa ndinangokopera a Mallard osaganiza kuti njanji ya Mallard ndi yotakata mamilimita 1,435 pomwe ya GMAM ndi 1,067. Kalilidwe kake nakonso sikamagwirizana ndi kuzungulira kwa mawilo.

Ndinatumiza kavidiyo kwa bambo ena achikulire amene tinadziwana kudzera mu gemu yomweyi. Anangoyankha kuti, "Mapanga awiri avumbwitsa, mwanawe." Basi. Ndinachita manyazi kuwafunsa. Mapangawo ndi zopangapanga zangazi, kapena zikwanje? Nanga kuvumbwitsa n'chimodzimodzi ndi kuvumbulutsa, ndiye kuti zolakwa zanga zaonekera poyera?

Gogo_Siginolo:

Mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Koma zonse ziwirizo mwaphonya. Limodzi ndi phanga, la m'phiri lija, ambiri ndi mapanga. Kuvumbwa ndi kunyowa ndi mvula, kunyowa kwenikweni koti madzi akuchucha m'malaya. Masiku ano ambiri amangoti kunyowa, n'chifukwa chake mawuwa akukumvekerani achilendo. Kuvumbwitsa ndiye kuchititsa munthu kuti avumbwe.

Taganizirani munthu ali m'thengo, mvula yayamba kudontha. Kumanja kuli phanga, kumanzere kulinso lina. Akalowa ili, akuti ayi, lija ndi lalikulu. Akafika uko, akuti koma lija linali louma bwino. Mvula imamumenyera panjira, pakati pa mapanga awiriwo. Mnzake amene anali ndi phanga limodzi lokha, ngakhale lopanikiza, wakhala phee osanyowa. Bambo ajawo sanakunyozeni. Akuti lowani phanga limodzi.

kamnyamata_ka_mabogi:

Haha achimwene, zikwanje zabwera bwanji pa nkhani ya sitima? Komatu ine ndikuona ngati mwambi woyenera ndi uja wakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Si zomwezo?

Gogo_Siginolo:

Ndi apachibale, koma si mapasa. Pusi anagwa chifukwa cha dyera, chilichonse chimamukoka mtima. Wa mapanga uja alibe dyera, akungofuna pobisala, koma akulephera kukhazikika. Mwiniwake wa funsoli wanena kuti amathawira ku Garratt Mallard ikamuvuta. Kumeneko ndi kuthawa mvula, osati kusirira zipatso.

Makaniko_Wausiku:

Tanthauzo la agogo sindikulitsutsa, koma ndikukana kuti mwambiwu ukugwira pano. Ine ndimakhala ndi ntchito ziwiri zitatu nthawi imodzi ndipo zimandithandiza. Ukakhala sabata yathunthu ukulimbana ndi kachitsulo kamodzi kosafuna kuzungulira bwino, kusiya kaye n'kukapenta bogi ndi mankhwala. Chimene chakunyowetsani, achimwene, si mitu iwiri ayi, ndi kukopera osayeza.

Onani. Mawilo oyendetsa a Mallard ndi aatali mafiti 6 ndi mainchesi 8, anapangidwira liwiro. A GMAM ndi mafiti 4 ndi mainchesi 6, anapangidwira kukoka katundu pamitunda ndi m'makhota. Ngakhale mukanawapanikiza kuti akwane pa njanji yopapatizayo, akanaonekabe ngati obwereka.

Za kalilidwe, vuto lili pa masilinda. Injini ya masilinda awiri imapuma, kutanthauza kutulutsa nthunzi, kanayi wilo likazungulira kamodzi, chifukwa silinda iliyonse imakankha popita ndi pobwera, ndipo zogwirira ndodo pa mawilo a mbali ziwiri za injini zimasiyana madigiri 90 kuti sitima isakanike kudzuka paliponse pamene yaima. Nigel Gresley, amene anakonza mapulani a Mallard, anaikapo masilinda atatu, lachitatulo lili mkati pakati pa mafelemu, choncho imapuma kasanu ndi kamodzi. Mwatenga mpweya wa Mallard mwaupatsa Garratt. Ndiye Garratt ili ndi mainjini awiri, iliyonse masilinda awiri, ndipo sizikakamizidwa kupumira limodzi. Pena zimagwirizana, pena ina imatsalira, kenaka n'kupezananso. Kwa ine kukoma konse kwa Garratt kuli pamenepo, ndipo ambiri oumba amakuphonya.

Chimene mukanatha kugawana pakati pa ziwirizi ndi nzeru ya valve gear ya Walschaerts, ndodo zija zotsegula ndi kutseka njira ya nthunzi m'masilinda, popeza zonse zili nayo kunja. Nzeru yake, osati zitsulo zake. Utali wa ndodo iliyonse muyezenso.

Komanso agogo, nanga Garratt yeniyeniyo si mapanga awiri? Injini kutsogolo, injini kumbuyo, boyila ili lende pakati. Chiyambire 1909 pamene kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester inapanga Garratt yoyamba ija, yopita ku Tasmania, sindinamve kuti inavumbwa.

Gogo_Siginolo:

Mwandiseketsa. Koma boyilayo simathamangathamanga, yatsamira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi ndipo moto wake ndi umodzi. Mwiniwake wa funsoli ali ndi moto umodzi, inde, koma akuunyamula kupita nawo uku ndi uku. Inu a Makaniko mumasiya ntchito mukudziwa pamene mwalekezera. Si onse amatero. Ndipo kukopera osayezako kumabwera chifukwa m'mutu mwadzaza miyeso ya sitima ziwiri.

Makaniko_Wausiku:

Apo pokha ndavomera theka.

kamnyamata_ka_mabogi:

Ine changa n'chakuti, bwanji "avumbwitsa" osati "amavumbwitsa"? Ndimayesa bambo ajawo anadumpha chilembo polemba.

Gogo_Siginolo:

Sanadumphe. Miyambi yambiri imayankhula choncho, mwachidule, monga walira mvula walira matope. Mukaikamo "ma" tanthauzo silisintha, koma kumveka kwake kumafooka. Yesani kutchula mokweza muone.

Wa_Nthunzi:

Zikomo nonse, ndamva tsopano. Ndikuseka ndekha kuti ndimaganiza za zikwanje. Mallard ndayitsekera mufoda yake, ndiyamba ndamaliza Garratt popeza ndi imene yandichititsa manyazi. Usiku uno ndafufuta mawilo onse obwereka aja, 16 oyendetsa ndiumbanso kuyambira pachiyambi.

A Makaniko, musathawe. Pokhota, mainjini awiri aja akutsata njanji bwinobwino koma boyila ikutsalira mowongoka, mpaka kutsogolo kwake kukulowa m'thanki ya madzi. Malo amene boyila imatsamira pa injini iliyonse munawaika pati pa yanu? Ndipo ngolo ya madzi ija imene GMAM inkakoka, munaiumba ngati bogi payokha kapena munailumikiza ku mutu?